A Lazaro ndi Nkhumba za Mlongo Wawo

Pa maliro a malume anga a Lazaro ku Chilomoni, mbiri ya malemu inawerengedwa ndi bambo wina wa kuntchito kwawo, wovala suti yothina m'mapewa. Anati malemu anali munthu wodzichepetsa, wokonda abale, wosafuna kukhumudwitsa mnzake. Ine ndinasuzumira bokosi kuti mwina tasokera siwa. Amayi anga, omwe ndi mlongo wawo wa malemuwo, ananditsina pantchafu.

Mwezi wamawa tikukamanga chiliza, ndipo abale agwirizana kuti ine ndikonze mawu okanena pamanda. Ndidzawakonza, afupiafupi, aulemu wake. Koma ndisanatero ndikufuna ndilembe mbiri inayi, ya munthu amene ine ndinamudziwa. Sindinkawakonda malume anga. Ndanena poyambirira kuti wina asadzati ndinabisa.

Anali wamtali, wowonda, woyenda chowongoka ngati wameza ndodo. Malaya awo anali oyera tsiku lililonse, ngakhale m'nyengo ya matope. Kulikonse ankapita ndi fulasiki yawo ya tiyi ndi supuni yawoyawo m'thumba la jekete. Ukawapatsa chakudya sankayamba ndi kuthokoza. Ankayamba ndi kufunsa kuti wathiramo chiyani. Ukati tomato ndi anyezi, ankafunsa za mafuta. Ukatchula mafuta, ankafunsa ngati anali a m'botolo losindikiza kapena oyezera pamsika. Akazi awo anapirira mpaka pomwe anathera, kenako anamanga katundu n'kubwerera kwawo ku Mulanje. Ankati atopa kuphikira munthu wofufuza ndiwo ngati wapolisi.

Tsiku lina, pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Bangwe, mayi wina wa mphakati wathu anawagwadira ndi kapu ya thobwa. Malume anainunkhiza.

"Mwathiramo chiyani, mayi?"

Mayi uja anadzuka, nadzipukuta m'mawondo. "Muli ufa, muli chimera, muli ulemu wanga. Chachitatucho n'chimene chikukukanikani kumeza, bambo."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Malume sanaseke, ndiponso sanakwiye. Anabweza kapu, natsegula fulasiki yawo.

Ku Bangwe ankawatchula kuti a Dokotala a Nkhumba, ngakhale sanawetepo nkhumba n'imodzi yomwe, ndipo akadutsa pafupi ndi khola ankatseka mphuno ndi kansalu. Nkhumba zawo zinali zosaoneka ndi maso. Ankagwira ntchito ku labu ina kunja kwa tauni. Ankapita kophera nyama, n'kukatenga timatumba ta mazira ta m'mimba mwa nkhumba zazikazi. Mazirawo ankawakumanitsa ndi mbewu ya mphongo m'kambale kagalasi, n'kupanga miluza, kutanthauza tiana tongoyamba kumene, topanda mutu kapena miyendo, tochepa kuposa kambewu ka fodya. Miluzayo ankailera masiku angapo m'madzi apadera, kenako n'kuiika m'timachubu topyapyala ndi kuiviika m'thanki ya naitirojeni, madzi ozizira koopsa moti chala chikagweramo chimauma gwa. Mmenemo mluza umagona osakula, osafa. Tsiku lina ukhoza kusungunulidwa, kuikidwa m'mimba mwa nkhumba ina, n'kubadwa.

Izi ndikuzidziwa chifukwa ankatifotokozera ngakhale tisanafunse, pa Khirisimasi, pa Isitala, ngakhale pa maliro. Ankati miluza ya nkhumba ndi yovuta kuposa ya ng'ombe chifukwa ili ndi mafuta ambiri, ndipo mafuta ndi chisanu n'zosamvana. Koma chomwe ankanyadira kwambiri chinali madzi olerera aja. Anzawo ankathiramo madzi a m'magazi a ng'ombe, ndipo miluza inkakula bwino. Malume ankati kumeneko n'kuphika m'chimbulimbuli, pakuti palibe amene angatchule zonse zili m'magazi, ndipo matenda amabisala momwemo. Iwo ankafuna madzi oti chilichonse cholowamo chili ndi dzina ndi muyezo wake, mchere wakuti, shuga wakuti, osaonjezerapo china. Anyamata a pamsika anawatcha madziwo kuti msuzi wa a Dokotala. Moyo wawo wonse unathera pa msuzi umenewo, ndipo anthufe ankatiyeza ndi muyezo womwewo. Chomwe sankatha kuchitchula dzina sankachikhulupirira, kaya ndi thobwa, kaya ndi misozi.

Kwathu ndi ku Chikwawa. Malume anali woyamba kubadwa, ndipo ansembe atawaona kuti mutu ukugwira anawapititsa kusukulu mpaka anakafika kunja. Agogo atamwalira, iwo ndiwo anakhala mwini mbumba. Kwa ife zimenezo si zamasewera. Mwini mbumba akalankhula, mlongo wake amayang'ana pansi, ngakhale mlongoyo ali ndi imvi. Amayi anga, a Matilida, anakula akudziwa kuti achimwene awo sayankhidwa.

Amayi anabwera ku Bangwe potsatira bambo anga, amene anapeza ntchito ku fakitale. Anabwera ndi mphasa, mapoto, ndi tiana ta nkhumba tiwiri m'dengu, ta mtundu wakuda wa kwathu kuja. Ndi nkhumba zazing'ono, zaubweya, zamphuno yaitali, zodya chilichonse: madeya, makoko a mbatata, masamba otsala pamsika. Bambo atamwalira, nkhumba zimenezo ndizo zinatilera. Amayi ankazidziwa mzere wonse, kuti iyi inabadwa kwa iti, ndipo iyo kwa iti, mpaka kukafika ku dengu lija. Ankalankhula nazo m'mawa asanalankhule nafe.

Ndiye kunabwera chigodola. Nkhumba zinkangogona, makutu kufiira, mawa lake yapita. Makola a mu Bangwe anatha ngati asesedwa. Boma linaletsa kugulitsa nyama ya nkhumba ndi kusamutsa nkhumba kuchoka khola lina kupita lina. Koma munthu amene nkhumba yake yafa usiku sangoyang'ana. Anyamata ankaotcha kanyenya mobisa kuseri kwa msika. Malume anakwera minibasi kuchoka ku Chilomoni, anazungulira msika wonse manja ali kumbuyo, n'kupita kukanena kwa a zaziweto. Mmodzi mwa ogwidwa anali mwamuna wa mnzawo wa amayi, mayi amene ankakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Malume anabwerera kwawo kukamwa tiyi. Amene anatsala ndi chidani ndi amayi. Pampope azimayi ankasiya kulankhula iwo akafika, ndipo benchi lija anayamba kukhalapo okha.

Amayi atayesa kudandaula, malume anati matenda sadziwa chibale. Ankanena zoona. Vuto la malume linali limeneli, kuti nthawi zambiri ankanena zoona, koma m'njira yoti womva afune kuwaponya mwala. Ankadzitama kuti chibadwire sananamepo, ndipo ine ndinkakhulupirira, poganiza kuti munthu wouma mtima choncho alibe chifukwa chonamira.

M'khola mwathu munatsala nkhumba imodzi, yaikazi, dzina lake Makala. Inadwala, inagona, amayi anaimwetsa phala ndi botolo, ndipo inadzuka. Anthu ankabwera kudzaisuzumira ngati chozizwitsa. Malume atamva anabweranso, n'kunena kuti nkhumba yochira chigodola imasunga matendawo m'thupi ndipo iyenera kuphedwa. Anati komabe m'mazira ake mukhoza kukhala china chake chimene chinaipulumutsa, ndipo mtundu wakudawu ukutha. Anali ndi mbewu ya mphongo yakuda yomwe anakatenga ku Chikwawa. Analonjeza kuti adzatenga mazira a Makala, adzawatsuka, adzapanga miluza yopanda matenda, ndipo amayi adzalandira khola lodzaza ndi ana a Makala yemweyo.

Makala anaphedwa. Za tsiku limenelo ndinena, koma ndiyambe ndi zaka zotsatira, chifukwa ndizo zinali zazitali.

Malume analamula kuti khola litsukidwe, lipakidwe laimu, ndipo musalowe nkhumba ina iliyonse mpaka ana a Makala atabwera. Anati nkhumba za pamsika zidzabweretsa dothi. Amayi anamvera. Anayamba kugulitsa tomato ndi mandasi pamsewu, ntchito yomwe ankadana nayo, yokhala padzuwa tsiku lonse kukangana ndi ana asukulu. Mvula ikatha ankagula laimu n'kupaka khola lonse, mkati ndi kunja. Nyumba yathu inkaoneka yakuda ndi utsi, koma khola lopanda kanthu linkawala kuti mbee. Malume ankabwera Lamulungu lina pa mwezi, Misa ikatha. Asanalowe m'nyumba ankayamba ku khola, n'kupaka chala pakhoma ngati hedimasitala woyendera zimbudzi.

Amayi ankawadikira akhale pansi, atsegule fulasiki, ndiye ankafunsa mwaulemu, maso ali pa mphasa.

"Achimwene, nanga ana aja?"

"Not yet, Matilida."

Mawu awiri a Chingerezi amenewo ndiwo amayi anaphunzira bwino kuposa ena onse. Nthawi zina malume ankaonjezera kuti kugoneka mluza n'kosavuta, chovuta n'kuudzutsa, ndipo madzi odzutsira sanafike pomwe iwo akufuna. Ankati chinthu chosowa sayesera mwayi. Amayi ankavomera ndi mutu. Ana a anthu anabadwa, analowa sukulu, ena mpaka anakwatiwa, yankho lili lomwelo.

Chaka china ndinatopa nazo. Ndinagula tiana ta nkhumba tiwiri toyera kwa mlimi wina ku Machinjiri, n'kukatiika m'khola muja osafunsa munthu. Amayi anakalipa pakamwa pokha. Madzulo ndinawapeza atakhala pa njerwa pakhomo la khola, akutikanda kuseri kwa makutu, akuimba pansipansi. Anali asanaoneke choncho chiphedwere Makala. Lamulungu lotsatira malume anafika, anamva kulira kwa nkhumba asanakhote pa ngodya ya nyumba, ndipo anaima pomwepo.

"Ndani wachita zimenezi?"

"Ndine, malume," ndinatero. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zanu zija zili kuti?"

"Iwe Rozina, sayansi unaiphunzira kuti?"

"Sindinaiphunzire. Koma ndikudziwa kuti amayi akukalamba, ndipo nkhumba za m'thanki sizidya madeya."

Kwa iwo ndinali ngati wailesi ya oyandikana nawo. Anatembenukira kwa amayi, n'kunena motsitsa mawu kuti ngati khola ladetsedwa, iwo sangabweretsemo ana a Makala, choncho asankhe. Sanakhale pansi tsiku limenelo. M'mawa mwake amayi anabwereka wilibala, n'kukapereka tiana tija kwa mayi wina wa ku Namiyango. Atabwerako anatsuka khola, napakanso laimu ngakhale nyengo yake inali isanakwane. Ine ndinakhala miyezi osawalonjera malume, ndipo sindikukhulupirira kuti anazindikira.

Tsopano ndinene za tsiku la Makala.

Kunali m'mawa, kuseri kwa nyumba. Malume anabwera atavala chijasi choyera ndi magolovesi, atanyamula fulasiki ina ya madzi amchere ofunda yosungiramo mazira. Anabwera ndi a Yohane, bambo wopha nyama pamsika. Dzenje linali litakumbidwa kale, chifukwa analamula kuti nyamayo isadyedwe, ikwiriridwe yonse ndi laimu. Ine ndinali nditapempha tchuthi kuntchito kuti ndikhale ndi amayi. Amayi anatulutsa okha Makala m'khola, akuinyengerera ndi chigubu cha madeya. Kawiri konse anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu.

"Achimwene..."

"Chiyani, Matilida? Nthawi ikupita."

"Ayi, palibe."

A Yohane anachita ntchito yawo msanga. Atang'amba pamimba anaima, mpeni uli m'mwamba. Anayang'ana amayi, osati malume.

"Mayi, iyi inali ndi bere."

Tinasendera tonse. Tiana tinali titandandalika m'chiberekero, tambiri, takuda, titamera kale ubweya. Kamodzi kanatukula kamwendo, kenako kanasiya. Chinthu chomwe malume ankalonjeza kudzapanga ndi magalasi awo chinali pamaso pathu, chopangidwa kale, chongotsala pang'ono kubadwa.

Amayi anagwada m'fumbi. Anaulula kuti Makala atachira anamukweza pa wilibala mbandakucha n'kupita naye kwa a Mbewe, nkhalamba ina ya kuseri kwa phiri imene mphongo yake inapulumuka. Ankadziwa kuti n'zoletsedwa. Ankadziwanso achimwene awo. Munthu amene anakanenera anyamata a kanyenya akanalekerera bwanji a Mbewe? Khola la nkhalambayo likanaphedwa lonse. Ndiye anakhala chete, akuyembekeza kuti mwina bere silinagwire, mwina achimwene asintha maganizo, mwina Mulungu alowererapo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma pano amene anafa si mwini manyazi.

Ndinayang'ana nkhope ya malume. Ndinkafuna ndione kanthu, ngakhale kakang'ono. Anayang'ana tiana tija kanthawi ndithu, nsagwada zili gwa. Kenako anati kwa amayi, "Munaphwanya lamulo." Ndipo kwa a Yohane anati, "Pitirizani, mazira akuzizira."

Malume anadula okha timatumba tiwiri tija, tooneka ngati mabulosi, n'kutiponya mu fulasiki. Anavula magolovesi, anasamba m'manja, anakumbutsa za laimu, ndipo anathamangira minibasi chifukwa mazira amafunika kufika ku labu akadali ofunda. Mlongo wawo anamusiya chogwada. A Yohane, munthu wopha nyama tsiku ndi tsiku, anakana kulandira kalikonse, anangotsuka mpeni n'kuchoka akupukusa mutu. Amayi anakulunga tiana tija m'chitenje chakale, n'kutiika patokha m'mbali mwa dzenje.

Ndafunsapo anthu odziwa za ziweto. Ena amati malume analondola, nkhumba yochira ndi yoopsa kwa zinzake. Ena amati panali njira yoyeza kaye asanathamangire mpeni. Ine sindiweruza za chigodola. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu anaona mlongo wake atagwada pambali pa zimenezo, ndipo chomwe chinamudetsa nkhawa chinali kutentha kwa madzi a mu fulasiki. Malume sanakawanenere a Mbewe, chimenecho ndiwapatse. Koma za tsikulo sanazitchulenso mpaka kufa, ngakhale mawu amodzi oti pepani.

Anamwalira ndi matenda a mtima, ali pa mpando wawo ku labu, atapuma kale pantchito koma akupitabe tsiku lililonse ngati palibe anawauza. Maliro atatha, amayi anandipempha kuti ndiwaperekeze kumeneko. Anali asanapondeko. Anavala chitenje cha Misa, anatenga ndodo yawo, chifukwa mawondo anali atayamba kale kuwakana.

Anatilandira ndi mayi wachitsikana, Dokotala Tadala, amene malume anamuphunzitsa ntchito. Anatilowetsa m'chipinda chozizira, chonunkha mankhwala. Pakona panali thanki yotuwa, yofanana ndi chigubu chachikulu cha mkaka. Anavala magolovesi okhuthala, natsegula. Utsi woyera unasefukira pansi n'kutizinga m'mapazi. Anakweza kachitsulo mwachangu, ndipo tinaona timachubu tochepa, tosakwana n'dzanja lomwe. Pa kalikonse panalembedwa dzina la amayi.

"Ndi amenewa, amayi. Sanawasunthepo."

Amayi anawerama, akuphethira ndi utsi. "Ndiye madzi odzutsira aja, mwana wanga, anawasiya pati? Mukhoza kumaliza inuyo?"

Dokotala Tadala anabweza kachitsulo kaja. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi.

"Madzi aja anatha kukonzedwa kalekale, amayi. Tikugwiritsa ntchito. Miluza ya nkhumba zoyera taigoneka, taidzutsa, taiika mwa nkhumba zina, ana abadwa. Ena mpaka anabereka awo."

Ine ndinalowererapo. "Kalekale liti?"

"Ine ndisanamalize n'komwe maphunziro, asisi."

Anafotokoza kuti iye anawapempha kangapo kuti ayese ya amayi. Malume ankakana. Miluza imeneyi inagonekedwa poyambirira, madzi aja asanakhwime, ndipo panalibe wodziwa ngati ili moyo. Njira yodziwira inali imodzi yokha, kuisungunula. Anati tsiku lina anawapeza atavala magolovesi, atatsegula thanki, atangoima. Anaima choncho mpaka utsi unadzaza chipinda, kenako anatseka. Atawafunsa, anangoti, "Zikapezeka zakufa, ndikamuuza chiyani Matilida?"

Choncho munthu amene sananamepo uja ananamiza mlongo wake mwezi ndi mwezi, atakhala pa mphasa yake, akumwa tiyi wa mu fulasiki. Malinga ngati thanki inali yotseka, tiana ta m'fumbi tija tinali tisanafe pachabe, ndipo iwo anali asanalakwe. Kuti iwo asalakwe, amayi anapsa ndi dzuwa pamsewu, anabweza tiana tanga toyera, anapaka laimu nyumba ya mphepo.

Dokotala Tadala anati ngati amayi akufuna, iye akhoza kuyesa. Sangalonjeze, koma akhoza kupeza nkhumba yaikazi yoti inyamule. Anati eni ake ndi amayi, anene okha.

Amayi anatsamira ndodo yawo ndi manja onse. Ndinaganiza kuti alira, koma sanalire.

"Mwana wanga, ndowa ya madzi sinditha kunyamula. Madeya ndikawatenge ku chigayo ndi miyendo iti? Uyu amakhala ya lendi ku Zingwangwa, alandilodi ake salola ngakhale nkhuku. Zikabadwa zidzapeza ndani?"

"Tikhoza kuziweta konkuno, amayi, muzidzaziona."

"Kuziona ngati alendo? Akanandifunsa ndikadali ndi mphamvu. Ndikanawauza kuti sungunulani, zikafa zafa, si nkhumba zoyamba kundifera." Anapumira m'mwamba. "Tsekani, mwana wanga."

Pobwerera, minibasi yathu inafika pa Limbe. Pamenepo amayi anati, osandiyang'ana, "Ankaopa, Rozina. Achimwene ankaopa." Ananena ngati munthu wapeza chifukwa chokhululukira. Ine ndinati mantha anali awo, koma zaka zimene zinadyedwa zinali za amayi. Anandiuza kuti ndisalankhule choncho za malemu. Iwo anawakhululukira, amawaperekera Misa. Ine sindinafikepo, ndipo sindikudzikakamiza.

Lamulungu lapitali ndinapita ku Bangwe kukakambirana za chiliza. Amayi anali akugona, ndiye ndinazungulira kuseri. Chaka chino khola silinapakidwe. Laimu wakale akusupuka m'zigamba, njerwa zofiira zikuonekera. Chitseko anachizula anyamata a lendi a nyumba yoyandikana nayo, akuti amayi anawauza kuti atenge akakonzere bafa. Lata limodzi la denga latsetsereka, ndipo dzuwa limalowa mpaka pakati. Mu chomwera cha simenti mwadzaza masamba a mango ndi madzi a mvula, muli timphutsi ta udzudzu. Pansi, pomwe pankaseseka mpaka kusalala, pamera bonongwe wonenepa, wofika m'mawondo, chifukwa manyowa akalekale akadali m'nthaka. Palibe amene amamuthyola. Ndinafunsa amayi atadzuka kuti bwanji osatumako mwana athyole wa ndiwo, ndipo anati kumeneko sapitakonso.